Pepala Limene Ndinalemba Usiku wa Madola 2 Biliyoni

Pepala lija ndikadali nalo. Limakhala m'Baibulo langa, pakati pa Masalimo, lopindidwa kanayi, ndipo inki yake yayamba kuzimiririka. Ndinalilemba usiku wa Lolemba pa 7 Novembala 2022, ndili pa shifiti ya usiku kunyumba yosamalirako agogo kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana. Pamwamba pake ndinalembapo mawu amodzi okha, "Ndikawina", ndipo m'munsi mwake muli mizere 23 ya mayina a anthu ndi zinthu.

Sabata imeneyo dziko lonse la America linali litapenga ndi lotale ya Powerball. Kuyambira kumayambiriro kwa Ogasiti panalibe amene anapeza manambala onse asanu ndi imodzi, choncho mphoto inkangokwera Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka lililonse, mpaka inafika pa madola 1.9 biliyoni. Pamalo omwetsera mafuta galimoto pamene ndimadutsa popita ku ntchito, mzere wa anthu unkatulukira panja, anthu atavala majekete, mphepo ya Novembala ikuwomba.

Ine sindine munthu wa juga. Ndinakulira ku Ntcheu m'nyumba imene ngakhale makadi osewera sankaloledwa kulowa. Koma mnzathu wina wa ku Kenya atazungulira ndi envulopu kuti aliyense aponyemo madola 10, ndinazengereza pang'ono chabe. Mayi wina wa kwathu, wochokera ku Dedza, amene anandiphunzitsa ntchitoyi nditangofika, anandikoka dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, musakane. Mawa tonse tikasiya ntchito, mufuna mutsale nokha ndi agogo onsewa?" Ndinaponya. Tinakwana anthu 12, tinagula matikiti 60, poti tikiti imodzi ndi madola 2. Wa ku Kenya uja anajambula matikiti onse n'kuwatumiza pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo tonse tinasainira papepala kuti pasadzakhale kukanana.

Manambala a Powerball amatulutsidwa ku Tallahassee, ku Florida, itatsala mphindi imodzi kuti ikwane 11 koloko usiku, nthawi imene shifiti yathu imayamba. Usiku umenewo sanatuluke. Chigawo chimodzi, chimene pambuyo pake chinadziwika kuti ndi Minnesota, chinali chisanamalize kuwerengera matikiti amene chinagulitsa, ndipo lamulo lake ndi lakuti timipira ta manambala sitizungulira mpaka zigawo zonse zitatseka mabuku. Ndiye tinagwira ntchito usiku wonse tili anthu oti mwina ndi olemera, mwina ayi. Tinatembenuza agogo osatha kudzitembenuza, tinasintha zofunda, tinayankha mabelu, uku aliyense akusuzumira pa foni. Cha m'ma 3 koloko, nthawi imene makhonde amati zii ndipo tulo timalemera m'maso, ndinakhala pansi n'kuyamba kulemba pepala lija.

Manambala anatuluka m'mawa wa Lachiwiri, ine nditafika kale kunyumba: 10, 33, 41, 47, 56, ndipo kampira kofiira, ka nambala yachisanu ndi chimodzi, kanali 10. Pofika nthawiyo mphoto inali itakwera kufika pa madola 2.04 biliyoni, ndalama zimene lotale ina iliyonse padziko inali isanaperekepo. Ife pa matikiti athu 60, imodzi yokha ndi imene inagunda kampira kofiira. Tinawina madola 4.

Tikiti yamwayi inagulidwa ku Altadena, ku California, pamalo omwetsera mafuta otchedwa Joe's Service Center. Mwini wake, Joseph Chahayed, bambo wachikulire wochokera ku Syria, analandira madola 1 miliyoni chifukwa chogulitsa tikitiyo, ndipo atolankhani atafika anam'peza ali pa ntchito yake monga mwa masiku onse, akunena kuti ndalamazo athandizira ana ndi adzukulu ake. Bambo ameneyu ndinamukonda kuposa wina aliyense m'nkhani yonseyi, mwina chifukwa ndi mlendo mnzanga m'dziko lino. Wowinayo anakhala chete miyezi itatu. Mu Febuluwale 2023 ndi pamene akuluakulu a lotale ku California analengeza dzina lake, Edwin Castro. Iye sanabwere pamsonkhano wa atolankhani. Anangotumiza mawu oti awerengedwe, onena kuti wasangalala, komanso kuti amene apindula kwenikweni ndi masukulu a boma a ku California, poti phindu la lotale m'chigawo chimenecho limapita ku maphunziro.

Apa pali chinthu chimene abale kumudzi sandikhulupirira ndikamawafotokozera. Castro sanalandire madola 2.04 biliyoni. Nambala imene imalembedwa pa zikwangwani ndi ya munthu amene wavomera kulandira pang'onopang'ono, maulendo 30 m'zaka 29, chaka chilichonse ndalama zikukwera ndi 5 peresenti. Amene akufuna zonse lero amapatsidwa ndalama zimene zilidi m'thumba la lotale tsiku limenelo, ndipo pafupifupi owina onse amasankha zimenezi. Kwa Castro zinali madola 997.6 miliyoni. Kenako boma la America limadula msonkho wa 24 peresenti ndalama zisanafike n'komwe m'manja, ndipo nthawi yolipira misonkho ikakwana amawonjezera mpaka kufika pa 37 peresenti. Mwayi wake unali woti California sidula msonkho wake pa mphoto za lotale monga zimachitira zigawo zambiri. Zotsala zinali pafupifupi madola 630 miliyoni. Ndi ndalama zoti mutu sungathe kuzisenza, inde, koma ndi zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala imene inatiimitsa pa mzere.

Ndinayamba kuwerenga nkhani za lotale kuyambira pamenepo, makamaka usiku pa nthawi yopuma, ndipo funso limene linkandivuta linali lakuti: bwanji mphoto za mabiliyoni zayamba kuchuluka zaka zino? Chaka cha 2016 chisanafike kunalibe jakipoti, mphoto yaikulu ija, ya biliyoni. Yoyamba inali ya mu Januwale 2016, madola 1.586 biliyoni, imene anagawana mabanja atatu a ku California, Florida ndi Tennessee. Chitereni zakhala zikubwera motsatizana: 1.537 biliyoni ya lotale ina yotchedwa Mega Millions mu 2018, 1.602 biliyoni mu Ogasiti 2023, 1.765 biliyoni mu Okutobala chaka chomwecho. Yankho lake si lakuti anthu ayamba kuchita mwayi. Mu Okutobala 2015 eni Powerball anawonjezera timipira toyera kuchoka pa 59 kufika pa 69, kampira kofiira n'kumasankhidwa pa 26. Mwayi wopata jakipoti unatsika kuchoka pa tikiti imodzi mwa 175 miliyoni kufika pa imodzi mwa 292 miliyoni. A Mega Millions anachitanso chimodzimodzi mu 2017, n'kukweza mtengo wa tikiti kuchoka pa dola imodzi kufika pa madola 2, ndipo mu Epulo 2025 anaukwezanso kufika pa madola 5. Kuwina kukavuta, mphoto imadutsa masabata ambiri osatengedwa, imakula, imalowa pa nkhani za pa TV, ndipo anthu ngati ine, amene sitinagulepo tikiti chibadwire, timaponya madola 10 mu envulopu. Anachita kukonza dala kuti zizitero.

Nambala ya 292 miliyoni siilowa m'mutu mwa munthu, ndiye ndinaisandutsa chimanga. Tinene kuti njere zitatu zimalemera galamu imodzi. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 lili ndi njere 150,000. Kuti njere zikwane 292 miliyoni pafunika matumba pafupifupi 2,000, odzaza malole akuluakulu atatu n'kutsalako. Wina apake njere imodzi utoto wofiira, aiponye m'thumba limodzi, asakanize matumba onsewo, kenako akumangeni m'maso n'kukuuzani kuti pisani dzanja kamodzi. Ndi zimene tinkadikira usiku uja. Ife tinali ndi mwayi wopisa maulendo 60, zimene sizisintha kanthu kwenikweni pa malole atatu a chimanga.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona amene amagula matikiti sabata ndi sabata, ngakhale kulibe jakipoti yaikulu. Pa sitolo ya pafupi ndi kwathu sindinaonepo dokotala kapena loya akukanda timakadi tija tokanda ndi kobiri. Ndimaona anzanga ovala yunifomu ngati yanga, madalaivala, azigogo olandira penshoni yochepa. Boma limati ndalamazo zimathandiza masukulu ndi ntchito zina zachitukuko, ndipo n'zoona ndithu kuti gawo lina limapita kumeneko. Koma ngati sukulu ikumangidwa ndi madola a munthu amene akulephera kulipira lendi, ine sindingazitche zachifundo. Ndi msonkho wotoleredwa kwa osauka, wongovekedwa chovala chokongola.

Komabe si masamuwa amene anandigwira mtima kwambiri. Ndi nkhani za anthu owinawo, zimene zinawachitikira dzina lawo litangotuluka.

Jack Whittaker wa ku West Virginia anawina madola 314.9 miliyoni pa Khirisimasi ya 2002, ndipo pa nthawiyo inali mphoto yaikulu koposa imene tikiti imodzi inapatapo ku America. Sanali wosauka ayi. Anali ndi kampani yake ya zomangamanga ndipo anali kale ndi mamiliyoni akeake, munthu wodziwa kugwira ndalama. Anayamba bwino zedi. Analonjeza chakhumi ku mipingo, anakhazikitsa bungwe lothandiza osowa, ndipo mayi amene ankamugulitsa chakudya cham'mawa pa sitolo pamene anagula tikiti anamugulira nyumba ndi galimoto. Koma nkhope yake inali itaoneka pa TV dziko lonse. Makalata opempha anayamba kubwera ochuluka moti anachita kulemba anthu ntchito yongowatsegula. Kulikonse kumene wapita, wina akumudikira ndi vuto lake. Ena ankam'sumira ku khothi pa zifukwa zosiyanasiyana, milandu mazanamazana. Iyenso anayamba kumwa kwambiri ndi kuyenda ndi ndalama zambiri m'galimoto, moti mu 2003 akuba anathyola galimoto yake panja pa malo achisangalalo n'kutenga chikwama cha madola oposa 500,000. Choopsa kuposa zonse chinagwera mdzukulu wake wamkazi, amene ankamukonda ngati diso lake. Ankamupatsa ndalama zambiri sabata iliyonse ndi magalimoto, ndipo mwana uja anazunguliridwa ndi anzake ofuna ndalamazo ndi ogulitsa mankhwala osokoneza bongo. Mu Disembala 2004 anapezeka atafa, ali ndi zaka 17. Banja la Whittaker linatha, mwana wake wamkazi anamwalira mu 2009, nyumba yake inapsa mu 2016, iye n'kumwalira mu 2020. Asanamwalire ananenapo poyera kuti akanadziwa akanaing'amba tikiti ija.

Ya Abraham Shakespeare ndiye sinditha kuiwerenga kawiri. Anali munthu wamba wa ku Lakeland, ku Florida, wothandizira dalaivala wa lole, wosadziwa bwino kulemba ndi kuwerenga. Mu 2006 anawina madola 30 miliyoni ndipo anasankha kulandira 17 miliyoni nthawi imodzi. Anali wamtima wofewa, wosatha kukana. Ankalipirira anthu ngongole za nyumba, maliro, lendi, aliyense amene wabwera ndi nkhani yomvetsa chisoni. Ndalama zitachepa kale, kunabwera mayi wina, Dorice Moore, akunena kuti akufuna kulemba buku losonyeza mmene anthu akum'dyera masuku pamutu. Posakhalitsa chuma chotsalacho chinali m'manja mwa mayiyo. Shakespeare anasowa mu 2009, ndipo mu Januwale 2010 mtembo wake unapezeka utakwiriridwa pansi pa simenti kuseri kwa nyumba ina. Moore anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mu 2022 chigawo cha Florida chinakhazikitsa lamulo lobisa kwa masiku 90 mayina a anthu owina madola 250,000 kapena kuposerapo, kuti apeze mpata wodzikonzekeretsa.

Munthu anganene kuti ndiye kuli bwino kungobisala. Zigawo zina zimaloladi zimenezi. Mayi amene anawina madola 1.537 biliyoni ku South Carolina mu Okutobala 2018 sanadziwike dzina mpaka lero. Akuluakulu a lotale anangonena kuti tsiku limene ankagula tikiti ku Simpsonville, analola munthu wina kuti amupitirire pa mzere, ndipo onse awiri anagula matikiti osankhidwa ndi makina. Anadikira miyezi inayi ndi kuposa asanakatenge ndalama zake, anafufuza loya wodziwika pa nkhani za lotale, Jason Kurland wa ku New York, ndipo anachita zonse zimene anthu anzeru amalangiza. Loya yemweyo ndi amene anamudyera. Khothi linapeza kuti Kurland ndi anzake anawononga ndalama za makasitomala ake owina lotale zoposa madola 100 miliyoni, ndipo mu 2023 anamulamula kukhala m'ndende zaka 13. Mayi uja anathawa achibale ndi opemphapempha, n'kukagwa m'manja mwa munthu wovala tayi.

Nkhanizi zimandikhudza chifukwa kachigawo kakang'ono ka moyo umenewu ndimakadziwa. Aliyense wa ife amene ali kunja amakadziwa. Tsiku limene ndinatera pa bwalo la ndege ku Chicago, kumudzi ndinasanduka munthu amene wawina. Foni imalira 4 koloko m'bandakucha, poti kwathu kwacha kale. Moni ndi wachidule, kenako, "Azakhali, zinthu sizili bwino kuno." Nthawi zambiri zimakhala zoona, ndipo ndi chimene chimapweteka. Feteleza wakwera, mwana wabwezedwa kusukulu, malume agonekedwa kuchipatala. Ukatumiza kwa uyu, winayo amamva n'kukwiya. Ukakana, umasanduka wodzikonda, woiwala kwawo. Ndipo pang'ono ndi pang'ono umayamba kudzifunsa, foni ikalira, ngati munthuyo wakusowa iweyo kapena chikwama chako. Funso limeneli ndi loipa, limadya chibale ngati chiswe. Ngati limandivuta ine amene ndimalandira malipiro a pa ola, kuli bwanji munthu amene dziko lonse laona pa TV atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko? Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Shakespeare sanaphedwe ndi ndalama. Anaphedwa chifukwa pakati pa khamu lonse lija panalibe munthu mmodzi womuyang'anira popanda kuyang'ana thumba lake.

Koma ndisakunamizeni ngati mmene nkhani za pa intaneti zimachitira. Mwina munamvapo zoti anthu 70 mwa 100 alionse owina lotale amasauka pakangopita zaka zochepa. Nambala imeneyi yazungulira kwambiri, ndipo ankati inachokera ku bungwe la National Endowment for Financial Education. Mu 2018 bungwelo linatulutsa chikalata chokana, kunena kuti lilibe kafukufuku wotero. Ku Sweden akatswiri a zachuma anafufuza anthu oposa 3,000 amene anawinapo lotale, ndipo anapeza kuti amene anawina zambiri ankakhala okhutira ndi moyo wawo ngakhale patapita zaka khumi ndi kuposa, komanso ambiri sanamwaze chuma chawo. Nkhani za Whittaker ndi Shakespeare zimatchuka chifukwa ndi zoopsa, komanso, ndikuganiza, chifukwa zimatitonthoza ife amene sitinawine. Owina ambiri amangolowa m'nyumba zawo n'kutseka chitseko, osamvekanso. Mavis Wanczyk wa ku Massachusetts, amene anagwira ntchito m'chipatala zaka zoposa 30, atawina madola 758.7 miliyoni mu Ogasiti 2017 anaimba foni ku ntchito kuti sabweranso, anaonekera kwa atolankhani kamodzi, basi. Kuntchito kwathu dzina lake limatchulidwa ngati la m'bale, poti anali mnzathu wa yunifomu.

Pali anthu awiri amene ndimabwerera ku nkhani zawo kawirikawiri. Woyamba ndi Frances Connolly wa ku Northern Ireland. Iye ndi mwamuna wake Patrick anawina mapaundi pafupifupi 115 miliyoni pa lotale ya EuroMillions tsiku la Chaka Chatsopano mu 2019. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kukhala pansi n'kulemba mndandanda wa anthu pafupifupi 50 oti agawane nawo. Sanadikire kuti anthu abwere kudzagogoda. Anasankha okha, mitu ili yozizira, kuti uyu ndi uyu. Patapita zaka zitatu anali atagawa kuposa theka la chuma chonsecho, kwa abale, abwenzi ndi mabungwe awiri amene anakhazikitsa, limodzi ku Hartlepool, ku England, lina ku Northern Ireland lotchedwa dzina la mayi ake a Frances. Nthawi ya Covid anagula matabuleti kuti odwala ndi okalamba otsekeredwa m'zipatala azilankhula ndi abale awo. Ine ndinagwira ntchito m'miyezi imeneyo, ndinaona agogo akumwalira ana awo ataima panja pa zenera. Ndikudziwa kuti kachipangizo kamodzi kotero kanali ndi mtengo wanji.

Wachiwiri ndi Cheng Saephan wa ku Portland, ku Oregon, amene anawina madola 1.326 biliyoni mu Epulo 2024. Anabadwira ku Laos, anakulirako ku Thailand, n'kufika ku America mu 1994. Pamene ankawina n'kuti atadwala khansa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ankalandirabe chithandizo. Matikiti anagula mosonkherana ndi mnzake wa banja lawo, Laiza Chao, amene anaponya madola 100. Manambala atagwirizana, Saephan sanayambe kufufuza kuti kodi tikiti yowinayo inagulidwa ndi ndalama za ndani. Anamuimbira mnzakeyo ali pa ulendo wopita ku ntchito n'kumuuza kuti palibenso chifukwa chogwirira ntchito. Madola 422 miliyoni amene anatsala atachotsa msonkho anawagawa pakati, theka kwa Chao, theka kwa iye ndi mkazi wake. Atolankhani atamufunsa zimene achite ndi ndalamazo, anati afuna dokotala wabwino, ndipo anadzifunsa yekha pamaso pa anthu kuti kaya atsala ndi nthawi yochuluka bwanji yoti azidyere. Ndinaonera msonkhano umenewo pa foni ndili m'chipinda chopumira, ndipo ndinalira. Mwezi womwewo tinali titataya gogo wina amene anali ndi chuma chambiri, koma kwa zaka ziwiri zimene ndinamusamalira alendo ake sanakwane asanu.

Castro uja anagula nyumba ya madola 25.5 miliyoni ku Hollywood Hills, ina ya 47 miliyoni ku Bel Air, ndi zina. Munthu wina anakam'sumira kuti tikiti inali yake ndipo inabedwa, koma akuluakulu a lotale anaumirira kuti mwini wake ndi Castro, mlandu n'kutha. Mu Januwale 2025 moto wolusa unasesa Altadena, tauni imene anagulako tikiti, nyumba masauzande ambiri n'kusanduka phulusa, ndipo nyumba yake ina ya ku Malibu inapsanso pa moto wina wa sabata yomweyo. Pambuyo pake zinamveka kuti wayamba kugula mapuloti opsawo ku Altadena kuti amangeponso nyumba. Ena akumuyamika, ena akumukayikira. Ine ndikudikira kuona amene adzalowe m'nyumbazo.

Tsopano ndibwerere ku pepala langa. Patapita masabata angapo chichitikireni zonsezi, ndinalipeza m'thumba la yunifomu pochapa, ndipo ndinaliwerenganso ndili wodekha. Mzere woyamba: malata a nyumba ya amayi. Wachiwiri: chiliza pamanda a bambo. Kenako fizi ya mwana wa achemwali anga mpaka amalize Fomu 4, chigayo cha achimwene, ngongole yanga ya galimoto, mjigo wa m'mudzi mwathu kuti amayi ndi anzawo asiye kutsikira kudambo, ulendo wopita kumudzi pa Khirisimasi ndi ana anga amene agogo awo sanawanyamulepo. Munalibe ndege, munalibe nyumba ya ku Hollywood. Usiku umene ndinali ndi ufulu wolota madola 2 biliyoni, maloto anga onse anathera pa Ntcheu. Ndinatenga cholembera n'kuika mtengo pa mzere uliwonse, mowolowa manja ndithu, n'kuphatikiza. Sizinakwane madola 60,000.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana nambala imeneyo. Ndi ndalama zambiri kwa munthu wa ntchito ngati yanga, sindingazipeze chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma si ndalama zofunika kupisa dzanja m'malole atatu a chimanga. Ndinapita nalo pepalalo kwa mayi wa ku Dedza uja. Analiwerenga mpaka pansi, n'kundiyang'ana. "Achemwali, izi ndi za chipereganyu izi. Bwanji simunanene kale?" Iwo ndi amayi ena asanu ndi atatu a kwathu anali ndi gulu lawo kuyambira kalekale, aliyense amaponya madola 200 pa malipiro alionse, ndipo mmodzi amatenga zonse, kenako wina, mpaka onse atazungulira. Ndinakhala wa khumi. M'gulu limeneli aliyense amadziwa tsiku lake, ndipo wina akagwa maliro timasinthana naye malo kuti alandire msanga.

Envulopu ya lotale ikadazungulirabe ku ntchito, mphoto ikadutsa biliyoni, ndipo kamodzi kapena kawiri pa chaka ndimaponyamo madola 10 anga, podziwa bwino lomwe kuti sabwerera. Ndimaponya chifukwa cha kucheza kwa usiku umenewo, pamene anthu otopa amakhala pamodzi n'kuuzana zimene amalakalaka, zimene masiku ena onse sanena. Chimene sindichita ndi kutumiza ndalama kwa mwana wa achimwene ku Lilongwe, amene anandipempha kuti ndimuwonjezere "mpamba" wa juga ya kandege pa foni. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ndikulipirira sukulu ya umakaniko ukafuna, koma ya kandege usandipemphenso." Anakwiya miyezi itatu osandilankhula. Panopa tikulankhulana, ndipo dzina lake ndaliwonjezera pansi pa pepala, mzere wa 24.

Pa mizere yonseyo, isanu ndi inayi ndaikhwatcha. Chiliza cha bambo tinachivundukula chaka chatha, ine ndikuonera pa foni. Mwana wa achemwali ali Fomu 3. Mjigo ukadali pomwepo, wosakhwatcha, ndipo ndi umene umandisowetsa tulo. Malata ndi amene anali oyamba, ulendo wanga woyamba kulandira chipereganyu. Achimwene anakagula pa boma, mmisiri anakhoma masiku anayi, udzu wakale n'kuuponya kuseri kwa khola.

Mvula yoyamba itagwa chaka chimenecho, foni inalira ndili pa shifiti, cha m'ma 2 koloko usiku. Nditaona kuti ndi amayi mtima unagunda, poti iwo saimba okha kawirikawiri. Ndinathamangira kukhonde.

"Amayi, kwagwanji?"

"Palibe, mwana wanga. Khala chete, umve."

Anakweza foni m'mwamba. Kunkamveka chiphokoso chokhachokha, mvula ikumenya malata, mwamphamvu moti mawu awo sankamvekanso. Ndinaima pakhonde paja, foni ili kukhutu, mpaka belu la chipinda cha nambala 14 linalira.